Kodi Mumadziwa? Vinyo Wofiira wa Kugombe Lozizira

Vinyo wambiri amene timamuona m'masitolo a mu Blantyre amachokera ku South Africa, ndipo ambiri a ife timamuweruza ndi zinthu zitatu: akhale wotsekemera, akhale wofiira mpaka kuderako, akhalenso wamphamvu. Koma alipo vinyo wina wofiira amene pa zitatu zonsezi sapikisana ndi mnzake, chikhalirecho akatswiri amamulemekeza kwambiri. Ameneyu ndi wa mphesa zolimidwa kufupi ndi nyanja yozizira. Kwa ife a kuno ku Chileka, kumene dzuwa la Okutobala limaswa mtengo, nkhani yake ndi yofunika kuimva bwino.

Kodi mumadziwa kuti madzi a mphesa zakuda si ofiira? Mukafinya mphesa ya mtundu wa Pinot Noir, madzi otuluka amakhala oyererako. Kufiira konse kumachokera ku khungu la chipatsocho. Opanga vinyo amasiya makungu aja anyikidwe m'madzi ake kwa masiku angapo kapena masabata pamene yisiti akugwira ntchito, ndipo m'pamene mtundu umalowa. Umboni wake uli ku France: vinyo wotuwa wa thovu uja wa ku Champagne amapangidwanso ndi mphesa zakuda zomwezi, kungoti makungu amachotsedwa msanga.

Nanga mumadziwa kuti Pinot Noir ili ndi khungu lopyapyala kuposa mphesa zambiri zofiira? N'chifukwa chake vinyo wake mukamuika m'tambula mumatha kuona zala zanu kuseri. Anthu ena akaona zimenezi amayamba kukayikira kuti wina wathiramo madzi. Sizili choncho ayi. Ndi mmene chipatsocho chinabadwira.

Kodi mumadziwa kuti mphamvu ya vinyo imachokera ku dzuwa? Dzuwa likamawomba, mphesa imaunjika shuga. Yisiti akadya shuga ameneyu amatulutsa mowa ndi mpweya. Choncho shuga akachuluka, mowa umachulukanso. Kumadera otentha mphesa zimapsa mothamanga, shuga amakwera, kuwawasa kwachibadwa kwa chipatso kumatha msanga, ndipo vinyo wake amatuluka wolemera, wonunkhira ngati zipatso zophikidwa, mowa wake n'kufika 14.5 kapena 15 peresenti. Kumalo kozizira zinthu zimayenda pang'onopang'ono. Mphesa imakhala nthawi yotalikirapo pamtengo, fungo limakhwima shuga asanachuluke, ndipo kuwawasa kuja kumatsala. Vinyo wotere kawirikawiri amakhala pakati pa 12.5 ndi 13.5 peresenti, wopepuka mkamwa, wonunkhira zipatso zofiira zanthete monga sitiroberi, ndipo akakhalitsa m'botolo amayamba kumveka kafungo ka dothi lonyowa ndi bowa. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Amene wamvetsa kuti kupsa mofulumira ndi kupsa modekha zimabala zinthu ziwiri zosiyana, zina zonse za vinyo ameneyu sizimuvutanso.

Kodi mumadziwa kuti chimene chimaziziritsa minda imeneyi ndi nyanja? Madzi amachedwa kutentha, amachedwanso kuzizira. Masana mtunda ukatentha, mpweya wake umakwera m'mwamba ndipo mphepo yozizira yochokera panyanja imalowa m'malo mwake. Kugombe la kumadzulo kwa South Africa ndi Namibia kumayenda madzi ozizira kwambiri otchedwa Benguela, amene amatumphuka kuchokera pansi pa nyanja ya Atlantic. Ku Chile kuli ena otchedwa Humboldt, amene amaziziritsa zigwa za Casablanca ndi Leyda. Ku California chifunga chochokera panyanja ya Pacific chimakuta minda ya ku Sonoma Coast m'mawa, dzuwa n'kudzaoneka mochedwa. Madera atatu otalikirana, koma njira ndi imodzi.

Ifenso mphepo ya kunyanja timaidziwa. Chiperoni, amene amabweretsa mitambo, kuzizira ndi mvula yamawawa pakati pa Meyi ndi Ogasiti, ndi mpweya wonyowa wochokera kunyanja ya Indian kudzera ku Mozambique. Amakhuthula chinyezi chake chambiri ku Mulanje ndi ku Thyolo, kumene tiyi amapindula nacho, ndipo akamatsikira kuno ku Chileka ndi ku Lirangwe amakhala atatheratu mphamvu. Kodi mumadziwa kuti bwalo la ndege la Chileka lili pa mamita pafupifupi 780 kuchokera pa mulingo wa nyanja, pamene mzinda wa Blantyre uli pa mamita opitirira 1,000? Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera. Kusiyana kumene mumakumva mukatsika minibasi kuchokera m'tauni kufika ku Chileka ndi kwenikweni, ndipo mpesa umakumva kuposa munthu.

Kodi mumadziwa kumene vinyo wa mtundu umenewu amapangidwa ku South Africa? Kwina ndi kuchigwa cha Hemel-en-Aarde, kuseri kwa tauni ya Hermanus, m'dera la Walker Bay, makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Cape Town. Mu 1975 Tim Hamilton Russell anagula malo kumeneko pofunafuna dera lozizira kuposa Stellenbosch ndi Paarl, kumene kunali kuchimake kwa vinyo m'dzikolo. Vinyo wake woyamba anatuluka mu 1981. Munthu woyamba kumupangira vinyo, Peter Finlayson, anadzatsegula nawo kampani ya Bouchard Finlayson m'chigwa chomwecho mu 1989. Lero chigwachi chinagawidwa m'zigawo zitatu zovomerezeka ndi malamulo a vinyo, zomwe ndi Hemel-en-Aarde Valley, Upper Hemel-en-Aarde Valley ndi Hemel-en-Aarde Ridge, ndipo mbiri yake yonse ili pa mphesa za Pinot Noir ndi Chardonnay. Minda yambiri ili padothi la dongo losakanizika ndi timiyala, limene limasunga chinyezi m'miyezi yopanda mvula.

Chigwa chomwechi chili ndi mbiri ina yowawa. Kuyambira mu 1817 boma la atsamunda linkatumizako anthu odwala khate kuti akakhale kwaokha, ndipo patapita zaka zochepa amishoni a mpingo wa Moravian anayamba kuwasamalira, mpaka pamene odwalawo anasamutsidwira ku Robben Island m'zaka za m'ma 1840.

 

Mumadziwa za mphepo imene anthu a ku Cape anaipatsa dzina loti Cape Doctor? Imawomba mwamphamvu kuchokera kummwera chakum'mawa m'nyengo yotentha. Kwa mlimi wa mphesa mphepoyi ili ndi mbali ziwiri. Imaumitsa masamba ndi matsango, choncho chuku sichipeza mpata. Koma ikakula imathyola nthambi zanthete ndi kuyoyola maluwa, zokolola n'kuchepa. Ku Elim, kufupi ndi Cape Agulhas kumene kuli nsonga yeniyeni ya kummwera kwa Africa, mphepo imawomba pafupifupi chaka chonse, ndipo mphesa zake zimatuluka zing'onozing'ono koma za fungo lamphamvu.

Kodi mumadziwa kuti Shiraz ndi Syrah ndi mphesa imodzi? Opanga vinyo ambiri amalemba Shiraz pabotolo vinyo akakhala wolemera wa kumalo otentha, ndipo amalemba Syrah akafuna kusonyeza kuti ndi wopepukirapo, wa kumalo ozizira. Wa kozizirayu amamveka kafungo ka tsabola wakuda ngakhale simunalowe tsabola. Mu 2008 akatswiri a ku Australia anapeza chimene chimachititsa: kanthu kena ka m'khungu la mphesa kotchedwa rotundone, kamene kamapezekanso m'tsabola wakuda weniweni ndipo kamachuluka mphesa ikapsa pozizira. Anapezanso kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse satha kumva fungo limeneli. Choncho anthu awiri akamatsutsana patebulo, wina akuti akumva tsabola wina akuti palibe, onse akhoza kukhala akunena zoona.

Nanga kuuma kwa mkamwa kuja kumene vinyo wofiira amasiya? Akatswiri amati ndi tannin, ndipo amachokera ku khungu, njere ndi timitengo ta tsango. Mumamudziwa kale: ndi yemwe uja amakhakhalitsa lilime mukamwa tiyi wa ku Thyolo wopanda mkaka amene masamba ake akhalitsa m'ketulo. Pinot Noir ali naye wochepa, Cabernet Sauvignon ali naye wambiri.

Kodi mumadziwa kuti vinyo woyamba wa ku Cape anafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659, nthawi ya mtsamunda Jan van Riebeeck? Ndipo kuti munda wa Constantia, umene mtsamunda wina, Simon van der Stel, anaukhazikitsa mu 1685, nawonso uli pamalo oziziritsidwa ndi mphepo ya kunyanja ya False Bay?

Kodi mumadziwa kuti Pinotage, dzina limene timaliona kwambiri m'mashelefu mwathu, ndi mwana wa Pinot Noir? Pulofesa Abraham Izak Perold wa ku Stellenbosch anakwatitsa Pinot Noir ndi mphesa ina yopirira kutentha yotchedwa Cinsaut chapakati pa zaka za m'ma 1920. Pinot Noir ndi mbewu yovuta kulima: imadwala msanga, imapsa ndi dzuwa, ndipo matsango ake othinana amawola mvula ikagwa pa nthawi yolakwika. Mwana amene anabadwa pa ukwatiwo ndi wolimba, wakuda, wa mphamvu zake, koma sanatengere kufatsa kwa kholo lake.

Kufatsa kumeneku anthu amakulipira ndalama zoopsa. Kwawo kwenikweni kwa Pinot Noir ndi ku Burgundy m'dziko la France, dera lozizira koma lakutali ndi nyanja. Kumeneko kuli kamunda kotchedwa Romanée-Conti, kosakwana mahekitala awiri. Mu Okutobala 2018 botolo limodzi la vinyo wa m'kamundako wa chaka cha 1945 linagulidwa pa mtengo wa madola 558,000 pa okushoni ya Sotheby's ku New York.

Kodi mumadziwa chifukwa chake mphesa za vinyo zimavuta kuno kwathu? Ambiri amaganiza kuti ndi dothi, koma vuto lalikulu ndi kalendala ya mvula. Minda yambiri ya mphesa padziko lapansi ili pakati pa madigiri 30 ndi 50 kuchokera pa mzere wa equator. Hermanus ili pa madigiri 34 kummwera, Chileka ili pakati pa 15 ndi 16. Ku Cape mvula imagwa m'nyengo yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene mpesa wayoyola masamba ndipo ukupuma. Nyengo yotentha imakhala youma, mphesa zimapsa popanda chinyezi, ndipo amakolola mu Febuluwale ndi Malichi. Kwathu kuno zinthu zinatembenuka. Kutentha ndi mvula zimabwera pamodzi, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo chinyezi chofunda ndicho chimene chuku chimakonda. Komanso mpesa umafuna kuzizira kokwanira kuti ugone, udzaphuke pamodzi. Mapiri a Zomba, Dedza ndi Nyika kuzizira ali nako, ndipo sitiroberi wa ku Zomba ndi mboni yake, koma mvula ya Januwale imawapeza onse.

Sikuti m'mayiko otentha n'zosatheka. Ku Dodoma, pakati pa dziko la Tanzania, kumene mvula ndi yochepa, amalima mphesa za vinyo zimene zinafika ndi amishoni, ndipo amakolola kawiri pachaka. Ku Zimbabwe kuli minda ya mphesa cha ku Marondera. Kungoti vinyo wa kumeneko ndi wa dzuwa, khalidwe lake ndi losiyana ndi la wa kugombe. Kuno kwathu njira imene yaoneka kuti ikuyenda ndi ya zipatso zathu zomwe. Kampani ya Linga ku Lilongwe imapanga vinyo kuchokera ku jambula, magwafa, chidede, mabulosi ndi zipatso zina zogulidwa kwa alimi a m'dziko muno. Ine ndimaona kuti nzeru ili pamenepo, kusiyana n'kukakamiza mbewu imene nyengo yathu ikuikana.

Kodi mumadziwa amene amagwira ntchito m'minda ya ku Western Cape? Pakati pa odulira mipesa, othyola matsango ndi operekera zakumwa m'malo odyera a ku Cape Town ndi matauni ozungulira muli anthu ochokera ku Eastern Cape, ku Lesotho, ku Zimbabwe ndiponso abale athu a ku Malawi. Ntchitoyi ndi yowawa ndipo mbiri yake si yoyera. Kwa zaka mazana, alimi achizungu ankalipira antchito mbali ina ya malipiro awo ndi vinyo, mchitidwe wotchedwa dop. Lamulo linauletsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 koma m'mafamu ena unapitirira mpaka m'ma 1990, ndipo zipsera zake zilipobe: chigawo cha Western Cape ndi chimodzi mwa madera amene ana ambiri padziko lapansi amabadwa ovulala ubongo chifukwa choti mayi ankamwa ali oyembekezera. Mu 2012 antchito a m'minda ya mphesa ku De Doorns ananyanyala ntchito pofuna kuti malipiro a tsiku akwere kuchoka pa R69 kufika pa R150. Boma linakweza kufika pa R105 mu 2013. Aliyense wotsegula botolo la ku Cape ayenera kuzidziwa zimenezi.

Zosintha ziliponso. Berene Sauls, mayi wochokera m'mudzi wa Tesselaarsdal amene wagwira ntchito zaka zambiri ku kampani ya Hamilton Russell, anatulutsa Pinot Noir wakewake wa chaka cha 2015 pansi pa dzina la mudzi wakwawo. Ntsiki Biyela wa ku KwaZulu-Natal, mayi woyamba wachikuda kukhala katswiri wopanga vinyo m'dzikolo, ali ndi kampani yake ya Aslina. Ndipo mu 2017 anyamata anayi a ku Zimbabwe amene anapita ku South Africa kukasaka ntchito, Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Marlvin Gwese ndi Pardon Taguzu, anakaimira dziko lawo ku France pa mpikisano wa dziko lonse wolawa vinyo osaona botolo. Nkhani yawo ili mu kanema wotchedwa Blind Ambition. Luso limeneli amaliphunzira, ndipo wachinyamata wa ku Lirangwe amene akugwira ntchito mu hotela ku Joni akhoza kuliphunziranso.

Kodi mumadziwa kuwerenga pepala la pabotolo? Chaka cholembedwapo ndi chimene mphesa zinakololedwa. Mawu oti Wine of Origin, kapena zilembo W.O., akatsatiridwa ndi dzina la dera, amatanthauza kuti mphesa zonse zinachokera m'dera limenelo. Dongosololi linayamba mu 1973. Mukaona Walker Bay, Hemel-en-Aarde, Elgin, Elim, Cape Agulhas kapena Cape South Coast, dziwani kuti mwagwira wa kozizira. Mukaona Western Cape pokha, mphesa zikhoza kuchokera kulikonse m'chigawo chonsecho. Mawu oti Coastal Region asakusokonezeni, chifukwa dera limeneli limaphatikizanso malo otentha ngati Paarl ndi Swartland.

Kodi mumadziwa kuti mgolo umodzi wa matabwa wosungiramo vinyo wa ku Burgundy umalowa malita 228, omwe ndi mabotolo pafupifupi 300 a mamililita 750?

Kodi mumadziwa kuti mdani wamkulu wa vinyo ameneyu ndi ulendo wake wobwera kuno? Thiraki yochokera ku South Africa imadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, n'kuwoloka Zambezi pa Tete, umodzi mwa mizinda yotentha kwambiri m'chigawo chino cha Africa. Kenako imalowa pa chipata cha Mwanza, kukhota pa Zalewa, kudutsa pa Lirangwe ndi Lunzu mpaka mu Blantyre. Vinyo akatenthedwa kwa nthawi yaitali kupitirira madigiri 30, fungo lake lanthete limafa ndipo amayamba kumveka ngati wophikidwa. Wopepuka ndiye amayamba kuwonongeka. Botolo limene lakhala pawindo la sitolo likuwombedwa ndi dzuwa, kapena limene chitsekerero chake chatukuka ndipo m'khosi mukuoneka kuti munadontha, lisiyeni ngakhale litatsika mtengo.

Ndipo lamulo lija loti vinyo wofiira salowa m'firiji linapangidwira nyumba zozizira za ku Ulaya. Pinot Noir amakoma pa madigiri 14 mpaka 16. M'nyumba ya malata ku Chileka mwezi wa Novembala, botolo limafunda kuwirikiza kawiri pamenepo, ndipo chimene chimamveka ndi ukali wa mowa basi. Liikeni m'firiji kwa theka la ola musanatsegule, kapena m'ndowa ya madzi ozizira ngati magetsi athima. Mukatsegula, tsekani bwino ndi kulibwezera pozizira, ndipo lithe m'masiku awiri kapena atatu.

Kodi amayenda ndi ndiwo zanji? Chifukwa cha kuwawasa kwake ndi tannin wochepa, vinyoyu amagwirizana ndi nkhuku yachikuda, nkhunda, chambo chowotcha, makamakanso bowa wa m'dzinja. Syrah wa kozizira amapita bwino ndi nyama ya mbuzi yowotcha. Tsabola wa kambuzi akachuluka m'ndiwo amakwirira fungo lonse ndipo amakulitsa kuwotcha kwa mowa pakhosi.

Kodi mumadziwa kuti vinyo wofiira sawonjezera magazi? Chikhulupiriro chimenechi chafala chifukwa cha mtundu wake, koma tannin amachepetsa ndithu kalowedwe ka ayironi wa m'masamba ndi nyemba m'thupi. Mu Januwale 2023 bungwe la World Health Organization linanena poyera kuti palibe mulingo wa mowa umene tinganene kuti ndi wosavulaza thanzi. Vinyo wa 13 peresenti ali ndi mowa woposa kawiri wa m'botolo la mowa wamba wa 5 peresenti mukayerekeza mulingo wofanana, ngakhale amveke wopepuka chotani. Mayi woyembekezera, mwana wosakwana zaka 18, wodwala amene adokotala anamuletsa ndi aliyense amene ayendetse galimoto kapena njinga yamoto pamsewu wa M1 asamukhudze.

Kwa amene mumatera pa Chileka kuchokera ku Johannesburg mutanyamulira abale botolo: zamadzimadzi zopitirira mamililita 100 siziloledwa m'chikwama cha m'manja pokhapokha mutagula m'masitolo a m'kati mwa bwalo la ndege mutadutsa kale pa chipikisheni. Botolo logula kunja likulungeni m'zovala pakati pa sutikesi yopita kumalo a katundu, ndipo mukafika musalisiye m'buti ya galimoto yoimikidwa padzuwa.